Kubereka kapena kusabereka pamene nyengo ikusintha: mafunso ndi mayankho

Anthu amene akuganiza zoyamba banja, kapena zowonjezera mwana wina, masiku ano amafunsa funso limene makolo awo sankaliganizira: kodi n'kwanzeru kubereka pamene dziko likutentha chonchi? Mayankho ali m'munsimu sakusankhirani chochita. Akungokupatsani ziwerengero zoona ndi tanthauzo lake, komanso zimene mungachite mukasankha mbali iliyonse.

Kodi alipodi anthu amene akuzengereza kubereka chifukwa cha nyengo?

Alipo, ndipo si ochepa. Mu 2021 magazini ya The Lancet Planetary Health inafalitsa kafukufuku amene anafunsa achinyamata 10,000 a zaka 16 mpaka 25 m'mayiko khumi, kuphatikizapo Brazil, India, Nigeria, Philippines, France ndi United States. Mwa iwo, 59 pa 100 aliwonse anati ali ndi nkhawa yaikulu ndi kusintha kwa nyengo, ndipo 39 pa 100 anati akukayika zodzakhala ndi ana.

Koma kukayika ndi kuleka n'zosiyana. Munthu wa zaka 19 akanena kuti akukayika, sanatseke khomo. Ndipo anthu akafunsidwa chimene chikuwalepheretsadi kukhala ndi ana amene akufuna, ndalama, nyumba ndi ntchito ndizo zimabwera patsogolo. Nyengo imabwera pambuyo, ngati katundu woonjezera pamutu wolemedwa kale.

Nkhawa yake kwenikweni ndi yotani?

Pali mafunso awiri amene anthu amawasakaniza. Loyamba: kodi mwana wanga adzaononga dziko? Lachiwiri: kodi dziko lidzamuzunza mwana wanga? Loyambalo ndi la mpweya wotenthetsa dziko umene munthu aliyense amachititsa pa moyo wake. Lachiwiri ndi la chilala, madzi osefukira, njala ndi kutentha kumene mwanayo adzakumane nako.

Muzisiyanitse, chifukwa mayankho ake sayenda njira imodzi. Nthawi zambiri amene funso loyamba likuwakhudza kwambiri, olemera a m'mayiko olemera, ndi amene ana awo adzatetezeke bwino. Amene ana awo ali pa chiopsezo chachikulu ndi amene sanathandizire n'komwe kuononga mlengalenga.

Ndinamva kuti kuchepetsa mwana mmodzi kumaposa njira zina zonse zotetezera chilengedwe. N'zoona?

Mawu amenewa anachokera pa kafukufuku wa Seth Wynes ndi Kimberly Nicholas wa mu 2017. Iwo anayerekezera zimene munthu wa m'dziko lolemera angachite. Kusiya galimoto kumachepetsa matani 2.4 a mpweya woipa pa chaka. Kupewa ulendo umodzi wa pandege wodutsa nyanja ya Atlantic, kupita ndi kubwera, matani 1.6. Kusiya kudya nyama, matani 0.8. Kubereka ana ochepera ndi mmodzi, matani 58.6 pa chaka. Nambala yomalizayi inafala ngati moto wolusa, ndipo ambiri amaitchula osadziwa mmene inapezekera.

Inapezeka motere. Wynes ndi Nicholas anatenga masamu a Paul Murtaugh ndi Michael Schlax a ku Oregon State University, a mu 2009. M'masamu amenewo kholo limasenzetsedwa theka la mpweya wonse umene mwana wake adzatulutse pa moyo wake, gawo limodzi mwa magawo anayi la mdzukulu aliyense, gawo limodzi mwa asanu ndi atatu la mwana wa mdzukulu, mpaka mbadwo utatha. Zonsezo amaziphatikiza, kenako n'kuzigawa pa zaka za moyo wa kholo lija. Choncho matani 58.6 si mpweya wa khanda limene mwanyamula m'manja. Ndi ngongole ya zaka mazana akubwerawa, imene aikokera pa chaka chino.

Pamene pagona vuto ndi apa: kuti nambalayo ikule chonchi, muyenera kuganiza kuti zidzukulu zanu zidzawotchabe malasha ndi mafuta ngati mmene anthu ankachitira cha m'ma 2005. Murtaugh ndi Schlax eni ake anaonetsa kusiyanako. Zinthu zikapanda kusintha, mwana mmodzi wa ku United States amaonjezera matani 9,441 pa dzina la kholo lake. Mayiko akachepetsa mpweya monga zikufunikira, nambala yomweyo imatsika kufika pa 562. Mwana wa ku Bangladesh, zinthu zisanasinthe n'komwe, anamuwerengera matani 56.

Palinso china. Masamu awa amawerenga mpweya womwewo kangapo: umalembedwa pa mwana, pa makolo ake, ndiponso pa agogo ake. Mukatsatira njira imeneyi mpaka mapeto, ndiye kuti mpweya wanu inuyo si wanu, ndi wa mayi ndi bambo anu. Ife timaona kuti nambalayi ili ndi phunziro limodzi labwino, lakuti moyo wa munthu wa m'dziko lolemera umadya zambiri. Koma si muyeso woti mwamuna ndi mkazi aimikepo chisankho cha moyo wawo wonse.

Nanga vuto si kuchulukana kwa anthu?

Kuchuluka kwa anthu kuli ndi mbali yake, sitikana. Anthu padziko anakwana 8 biliyoni mu November 2022. Komabe onani amene akutulutsa mpweyawo. Munthu mmodzi ku United States amatulutsa matani pafupifupi 14 a mpweya wa kaboni (carbon dioxide) pa chaka. Pa dziko lonse, aliyense zimamugwera matani osakwana 5. M'mayiko ambiri osauka munthu safika ngakhale theka la tani. Bungwe la Oxfam linawerengera kuti mu 2019 anthu olemeretsetsa, mmodzi pa 100 aliwonse, anatulutsa mpweya wofanana ndi wa anthu 5 biliyoni osauka onse pamodzi. Banja la ana asanu ndi mmodzi lopanda galimoto ndi magetsi likhoza kuononga mlengalenga pang'ono kuposa munthu mmodzi wosakwatira amene amakwera ndege mwezi ndi mwezi.

Kuberekana nako kukutsika kale. M'zaka za m'ma 1960 mayi mmodzi padziko ankabereka ana pafupifupi 5. Lero ndi pafupifupi 2.3. Kuti chiwerengero chisakwere kapena kutsika pamafunika 2.1, ndipo mayiko oposa theka ali pansi pa pamenepo. South Korea inafika pa 0.72 mu 2023. United Nations ikuyembekeza kuti chiwerengero cha anthu chidzafika pachimake, pa 10.3 biliyoni, cha m'ma 2080, kenako n'kuyamba kutsika.

Tonse titagwirizana kubereka mwana mmodzi, nyengo ingakhazikike?

Osati pa nthawi imene ikufunika. Mpweya uyenera kutsika kwambiri m'zaka 20 kapena 30 zikubwerazi, pomwe chiwerengero cha anthu chimatembenuka pang'onopang'ono, chifukwa amene adzabereke mawa anabadwa kale. Corey Bradshaw ndi Barry Brook anawerengera mu 2014 kuti ngakhale dziko lonse litatsatira lamulo la mwana mmodzi, pofika 2100 tingakhalebe pakati pa 5 ndi 10 biliyoni. Chimene chingasinthe zinthu msanga ndi gwero la magetsi, mafuta oyendetsera magalimoto, kapangidwe ka simenti ndi zitsulo, ndi kudula nkhalango.

Mwana wobadwa lero adzakumana ndi zotani?

Apa tisapsatire mawu: adzakumana ndi nyengo yovuta kuposa imene agogo ake anaiona. Chaka cha 2024 chinali choyamba chimene kutentha kwa dziko lonse kunapitirira madigiri 1.5 poyerekeza ndi nthawi imene mafakitale anali asanafale. Malire amenewa ndi amene mayiko analonjeza ku Paris mu 2015 kuti ayesetsa kusawadutsa, ngakhale kuti panganolo limayang'ana kutentha kwa zaka zambiri, osati chaka chimodzi.

Wim Thiery ndi anzake anafalitsa mu magazini ya Science mu 2021 kuyerekezera kwa mwana wobadwa mu 2020 ndi munthu wobadwa mu 1960. Mayiko akangochita zimene anali atalonjeza pa nthawiyo, mwanayo adzaona nyengo za kutentha koopsa kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi kawiri, moto wa m'tchire kuwirikiza kawiri, ndipo chilala, kusefukira kwa mitsinje ndi kulephera kwa mbewu kuwirikiza pafupifupi katatu.

Ziwerengerozi ndi za dziko lonse ataliphatikiza, ndipo palibe mwana amene amakhala pa dziko lonse. Amakhala m'nyumba inayake, pafupi kapena kutali ndi mtsinje, denga lake ndi lotentha kapena lozizira, chipatala chili pafupi kapena ayi. Mu 2021 UNICEF inapeza kuti ana pafupifupi 1 biliyoni amakhala m'mayiko 33 amene ali pa chiopsezo chachikulu zedi, pomwe mayikowo onse pamodzi amatulutsa 9 peresenti yokha ya mpweya wa kaboni. Mphepo yamkuntho ya mphamvu zofanana ikhoza kupha anthu ochepa kwina, masauzande kwina. Kusiyanako kumabwera ndi chenjezo lofika msanga, nyumba zolimba, misewu ndi malo othawirako. Bangladesh ndi umboni: namondwe wa mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000, koma dzikolo litamanga malo obisalamo ndi kukonza njira zochenjezera anthu, anamondwe a zaka zaposachedwapa akupha ochepa kwambiri.

Muikenso pa sikelo mbali inayi. Zaka 200 zapitazo, pa ana khumi obadwa, anayi ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Mu 1990 ana oposa 12 miliyoni osakwana zaka zisanu anamwalira padziko. Pofika 2022 nambalayo inali pa 4.9 miliyoni. Kusintha kwa nyengo kukuopseza kubweza m'mbuyo chitukuko chimenechi, makamaka kudzera mu njala, malungo ndi matenda otsekula m'mimba. Komabe mwana wobadwa lero ali ndi mwayi waukulu wokula kuposa pafupifupi mwana aliyense wa mibadwo yakale.

Kodi dziko likutha?

Malipoti a IPCC, gulu la asayansi limene limaunikira nkhaniyi m'malo mwa United Nations, sanena kuti mtundu wa anthu utha. Amanena za kuonongeka kwakukulu kumene kumakula ndi kachigawo kalikonse ka digiri. Ndondomeko zimene mayiko ali nazo pano zikutitengera pa madigiri apakati pa 2.5 ndi 3 pofika 2100. N'zoipa ndithu, koma pangano la ku Paris lisanachitike ankayembekeza pafupifupi 4. Mtengo wa magetsi a dzuwa unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020. Ndipo asayansi apeza kuti anthu akadzasiyiratu kuonjezera mpweya wa kaboni m'mlengalenga, kutentha nako kudzaima pafupi ndi pamene kwafika.

Tiyambire pati kuti tisankhe?

Yambani ndi funso limene silikhudza nyengo: nyengo ikanakhala bwinobwino, mukanafuna mwana? Aliyense ayankhe payekha, kenako muuzane. Ena amapeza kuti sankafuna ana ndi kale, nyengo yangowapatsa chifukwa chomveka kwa achibale. Palibe cholakwa pamenepo, koma ndi bwino kudziuza zoona. Ena amapeza kuti akumufunitsitsa mwana, chikuwagwira ndi mantha kapena kudziimba mlandu.

Ngati mukumufuna, tsitsani nkhawayo kuchoka pa dziko lonse kufika pakhomo panu. Tengani pepala. Pa zaka khumi zapitazi, ndi ngozi ziti za nyengo zimene zafika kumene mukukhala? Madzi analowapo m'nyumba? Ndalama zanu zimadalira mvula, ndipo ikalephera zaka ziwiri zotsatizana mungadye chiyani? Madzi akumwa mumawatenga kumodzi kapena pali kwina? Msewu wopita kuchipatala ukaduka usiku, mayi ali pa matenda, njira ina ndi iti? Ndani angakusungeni mwezi wathunthu mutasamuka mwadzidzidzi? Mayankho ena adzakulimbitsani mtima. Ena adzakuonetsani chofunika kukonza mwana asanabwere, kaya ndi kusamuka m'chigwa, kusunga ndalama zokwana miyezi itatu, kapena kupeza ntchito yachiwiri yosadalira mvula.

Kumbukiraninso kuti chisankho si cha inde kapena ayi basi. Pali kubereka ochepa, kutalikitsa mpata pakati pa ana, kudikira zaka zingapo, ndi kulera mwana amene alibe womusamala.

Ine ndikufuna mwana, mnzanga sakufuna. Titani?

Musapusitsane. Kusiya mapiritsi mobisa kapena kukatseketsa mnzanu osadziwa kumapha chikhulupiriro, ndipo zikaululika banja silikhalanso chimodzimodzi. Funsanani chimene chingasinthe maganizo a aliyense. Wina akati "nyumba ikapezeka kumtunda ndivomera," pali pokambirana. Akati palibe chingamusinthe, ndiye kuti yankho mwalimva, ndipo ndi bwino kulimva muli ndi zaka 28 kusiyana ndi 40. Ikani mwezi woti mudzakambiranenso, nkhaniyo isamangokankhidwira mawa. Achibale akhoza kulangiza, koma amene adzadzuke usiku mwana akamalira ndinu.

Tikufuna kudikira kaye. Njira yodalirika yolera ndi iti, ndipo tingadikire mpaka liti?

Pafupifupi theka la mimba zonse padziko, 121 miliyoni pa chaka malinga ndi UNFPA, nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero cha anthu, zimabwera mosakonzekera. Choncho amene sanasankhe koma sakulera, thupi lidzamusankhira.

Pa amayi 100 amene agwiritsa ntchito njira kwa chaka chimodzi monga anthu amachitira tsiku ndi tsiku, kuiwala ndi kuchedwa kuli momwemo, pafupifupi 13 odalira makondomu amatenga pakati, 7 a mapiritsi, ndi 4 a jakisoni wa miyezi itatu. Pa implanti yoika pamkono ndi lupu, sakwana ngakhale mmodzi. Kusiyanaku sikuchokera kwenikweni pa mphamvu ya mankhwala. Piritsi limafuna kukumbukira tsiku lililonse, jakisoni amafuna ulendo wa kuchipatala kanayi pa chaka, ndipo madzi akasefukira kapena mankhwala akasowa, mpata umatseguka. Implanti imagwira zaka 3 mpaka 5 malinga ndi mtundu wake, lupu ya kopa zaka 10 kapena kuposa, ndipo zikachotsedwa mphamvu yobereka imabwerera msanga. Jakisoni ndiye amachedwetsa: mutasiya, pakhoza kupita miyezi ingapo, ena mpaka chaka, musanatenge pakati. Zovuta zofala ndi kusintha kwa msambo. Lupu ya kopa imachulukitsa magazi miyezi yoyamba, implanti imadontheza mosayembekezeka. Ndi makondomu okha amene amatetezanso ku HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana.

Kudikira kuli ndi malire. Mphamvu yobereka ya mayi imayamba kutsika akadutsa zaka 30, ndipo imatsika mofulumira kuyambira 35. Ya bambo imatsikanso, koma mwapang'onopang'ono. Nyengo sidzaonetsa bwino kumene ikulowera zaka zanu zobereka zisanathe, choncho kudikira kuti zonse zidziwike n'kusankha kale osadziwa. Mukayamba kuyesa, onanani ndi dokotala pakatha miyezi 12 popanda pakati, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35. Amene ali kale ndi mwana, WHO imalangiza kudikira miyezi yosachepera 24 kuchokera pamene mwachira musanatengenso pakati.

Nanga kutseketsa?

Muzikuona ngati njira yosabwezeka. Opaleshoni yotsegulanso ilipo, koma ndi yodula ndipo nthawi zambiri siitheka. Amene amadzanong'oneza bondo kwambiri ndi amene anatseketsa asanakwane zaka 30. Ngati chikukukankhani ndi mantha a nkhani imene mwamva mwezi uno, ikani kaye lupu kapena implanti. Chitetezo chake n'chofanana. Kutseka abambo n'kosavuta kuposa kutseka amayi ndipo sikuchepetsa mphamvu za kuchipinda, koma sikugwira tsiku lomwelo: pamafunika njira ina kwa miyezi itatu.

Bwanji maboma osangoika malire a ana?

Zinayesedwa. China inali ndi lamulo la mwana mmodzi kuyambira 1980 mpaka 2015, ndipo linabweretsa kuchotsa mimba mokakamiza ndi kuchepa kwa ana aakazi. Lero boma lomwelo likupempha anthu kuti abereke. India inatseka anthu mamiliyoni pakati pa 1975 ndi 1977, ambiri mokakamiza. Ku Peru, m'zaka za m'ma 1990, amayi osauka akumidzi anatsekedwa ambiri osavomereza. Nthawi zambiri ndodo inagwera osauka. Msonkhano wa United Nations wokambirana za chiwerengero cha anthu, umene unachitikira ku Cairo mu 1994, unagwirizana kuti kuchuluka kwa ana ndi ufulu wa munthu ndi banja lake. Chimene chaoneka kuti chimatsitsa kuberekana popanda nkhanza ndi atsikana kumaliza sukulu, njira zolera kupezeka kwa ozifuna, ndi ana kusiya kumwalira ali aang'ono.

Nkhawa ya nyengo ikundisowetsa tulo. Ndisankhe ndili choncho?

Ayi. Nkhawayo ili ndi maziko, si misala. Koma ikafika polepheretsa kugona, kudya kapena kugwira ntchito kwa milungu iwiri kapena kuposa, kaonaneni ndi wachipatala kapena mlangizi, ndipo zosankha zosabwezeka ziyembekeze. Chepetsaninso nthawi yowerenga nkhani zoopsa pafoni, makamaka usiku.

Tasankha kubereka. Kutentha kumamutani mayi woyembekezera?

Thupi la mayi wapakati limapanga kale kutentha kochuluka ndipo mtima umagwira ntchito yoonjezera. Kafukufuku wophatikiza maphunziro ambiri, amene anatuluka mu magazini ya BMJ mu 2020, anapeza kuti mwayi wobereka masiku asanakwane umakwera ndi pafupifupi 16 peresenti pa nthawi ya kutentha koopsa. Kubadwa wochepa thupi ndi kupita padera nako kumakwera.

Masiku otentha imwani malita 2 mpaka 3 a madzi, pang'onopang'ono, osadikira ludzu. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Ntchito zolemetsa zigwiridwe m'mamawa kapena madzulo. Nsalu yonyowa pakhosi ndi m'khwapa imaziziritsa msanga. Fani imathandiza kutentha kukakhala pansi pa madigiri 40. Kupitirira apo imangokupemererani mpweya wotentha. Yambani sikelo m'milungu 12 yoyamba, ndipo WHO imalangiza maulendo asanu ndi atatu. Mapiritsi a vitamini wa folic acid, mamaikilogalamu 400 pa tsiku, ayambe musanatenge pakati. Kumene kuli malungo gonani mu neti ngakhale kutenthe bwanji. Mutu wopweteka kwambiri, kusaona bwino, kutaya magazi, kapena mwana kusiya kugunda m'mimba, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati masiku ochira akugwera m'nyengo imene misewu imaduka, kakhaleni pafupi ndi chipatala milungu iwiri kapena itatu masikuwo asanakwane.

Nanga khanda?

Khanda limatentha msanga kuposa wamkulu ndipo silingakuuzeni. Losakwana miyezi 6 musalipatse madzi ngakhale kutenthe. Liyamwitseni pafupipafupi, mayi ndiye amwe madzi ambiri. Bere limatetezanso madzi akasefukira, chifukwa mkaka wa m'chitini wosungunula ndi madzi oipa ndi njira yachidule ya kutsekula m'mimba. Musalifunditse zofunda zambiri, musaphimbe kangolo kolikankhiramo ndi nsalu youma, ndipo musalisiye m'galimoto yoima ngakhale kwa mphindi zochepa.

Zizindikiro zoti madzi atha m'thupi ndi matewera kukhala ouma nthawi yaitali, liwombo kulowa, maso kulowa m'kati, kulira kopanda misozi, ndi kufooka mpaka kukana bere. Zikatere thamangirani kuchipatala, mukuyamwitsa m'njira. Sungani m'nyumba mapaketi a ORS, ufa wosungunula m'madzi wobwezeretsa madzi m'thupi. Akasowa, kwa mwana woposa miyezi 6 sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Masipuniwo asakhale osefukira, ndipo mcherewo musaonjezere, chifukwa ukachuluka umamuvulaza mwana. Khadi la katemera ndi buku la kuchipatala zikhale m'pepala la pulasitiki, m'chikwama choti mukhoza kuchinyamula mumdima.